Dzino litasiya kuwawa ndinkayesa ndachira

Pansi pa chibwano changa pali zipsera ziwiri, chilichonse kutalika ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Anzanga a geni amati ndinakatemera mphini zoitanira makasitomala, ine n'kumangoseka nawo. Mwini wake wa zipserazi ndi dzino limodzi lotafunira, lakumunsi chakumanzere, limene ndinalisunga lobowoka kwa zaka ziwiri. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Salima mbali ya ku Senga Bay. Ndimaoda usipa kwa asodzi, kuuyanika pa thandala, n'kukagulitsa ku Lilongwe. Ndikulemba chifukwa ulendo uliwonse sindilephera kukumana ndi munthu atagwira tsaya, ndipo ndikamufunsa amayankha ndendende mmene ndinkayankhira ine: "Lisiya lokha."

Chibowocho ndinachiona koyamba mu 2021. Kanali kadontho kakuda basi. Patapita miyezi, timinga ta usipa tinayamba kutsakamiramo, ine n'kumatokosa ndi kamtengo ka machesi. Sichinkapweteka, ndiye ndinalibe nacho ntchito. Kwathu tinakula tikudziwa kuti ku chipatala cha mano amapitirako kukazula, ndipo munthu sungakazulitse dzino loti silikuwawa. Zoti dzino amalimata ndinkayesa n'za anthu a m'tauni a ndalama zawo. Ndinadzamva mochedwa kuti nthawi yabwino inali imeneyo. Chigoba choyera cha kunja kwa dzino chilibe mtsempha, choncho chimadyeka mwakachetechete, ndipo dzino likamatidwa lisanafike patali limakutumikiranso zaka zambiri. Komanso si nyongolotsi imene imabowola monga ankatiuzira agogo. Ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'kamwa mwa aliyense. Tikadya shuga wotsalira m'mano timatulutsa asidi, asidiyo n'kumasungunula dzino pang'onopang'ono. Ine tanga ndinkatidyetsa bwino. Tiyi wanga anali wa masipuni anayi, ndipo pa lole usiku ndinkavumata maswiti kuti ndisagone, kuopa kuti matumba angatsitsidwe panjira. Kufika ku Lilongwe m'bandakucha, kutsuka m'kamwa kunali kuchukucha madzi kamodzi n'kulavula.

Linayamba kulankhula mu Juni 2023, mwera utafika. Amene anaimapo kunyanja 4 koloko m'mawa kudikira maboti akuidziwa mphepo imeneyo. Ndikangotsegula pakamwa kuti ndinenerere mtengo, inkalowa pa dzino paja ngati singano. Madzi a mumtsuko chimodzimodzi. Ululuwo unkatha msanga, ndiye ndinangophunzira kutafunira kumanja n'kumamanga mpango kukamwa. Pofika Ogasiti linasintha khalidwe. Linkayamba lokha popanda cholikhudza, makamaka usiku ndikangoika mutu pa pilo, n'kumagunda ngati ng'oma mpaka m'khutu. Ndabereka katatu, koma pobereka umadziwa kuti kukacha zitha.

Mankhwala a dzino aliyense ali nawo ake. Apongozi anabwera ndi fodya wopera kuti ndiike pachibowo. Mnzanga wina anati ndiphwanye asipulini n'kumuika pa nkhama. M'mawa mwake nkhama ndi m'kati mwa tsaya munali mutayera ngati mwathiridwa madzi owira, khungu n'kumasupuka. Asipulini ndi wakumwa, pa nkhama amawotcha. Mnyamata wina wa kabaza anachita kundilumbirira kuti kadontho ka asidi wa m'batire ya galimoto kamapha dzino kamodzi n'kamodzi. Chimenecho chokha ndinakana, ndipo ndimathokoza mpaka lero. Panado ndi bufeni ndiye ndinkangomwa ngati ndikubwira mtedza, osawerenga.

Usiku wina abambo akunyumba anatopa nane. "Mayi, ana sakugona ndi kubuula kwanuku. Mawa mupite kuchipatala." Ndinapitadi, koma ndinayamba ndadzera kunyanja, ndiye ndinafika cha m'ma 9 koloko benchi itadzaza, ena atakhala pansi. Cha m'ma 11 anatuluka mayi wina wa yunifolomu n'kunena kuti zipangizo zoyera zatha, zimene zagwira kale ntchito zikudikira kuphikidwa m'makina, ndipo magetsi athima. Anayenda pamzere kuyang'ana amene atupa n'kuwapatula. Enafe anati tibwere mawa lake m'mamawa. Ndinapsa mtima. Ndinalankhula mokweza kuti onse amve: "Kodi pulayasi imathanso ngati ufa? Osangotsuka bwanji?" Anthu anaseka, ine n'kudziona ngati ndanena zanzeru. Pa thandala panali usipa wa ndowa 12 ndipo lole inkanyamuka tsiku lotsatira. Sindinabwerereko.

Kumayambiriro kwa Sepitembala dzino linangoti zii. Ndinamwa madzi ozizira, osamva kanthu. Ndinagona tulo tofa nato koyamba patatha milungu itatu. Lachinayi ku Mvano ndinaimirira kupereka umboni kuti ndachiritsidwa, amayi n'kuyambitsa nyimbo.

Pamenepa ndi pamene ndinanamizika, ndipo ambiri timanamizikira pomwepa. Pakati pa dzino pali kachipinda mmene muli mtsempha ndi timitsempha ta magazi. Kuwola kukafika mmenemo, m'kati mumatupa koma mulibe kotupira, n'chifukwa chake limagunda usiku. Kenako mtsempha uja umafa, ndipo chakufa sichimva kuwawa. Tizilombo tokha sitifa nawo. Timatsika ndi muzu mpaka kunsonga, m'fupa la nsagwada, n'kuyamba kupanga mafinya. Chizindikiro ndinali nacho: pa nkhama, m'munsi mwa dzinolo, panatuluka kachithupsa kangati njere ya mapira. Kankaphulika, m'kamwa n'kumveka kamchere konunkha, patapita masiku n'kudzazanso. Ndinkati ndi kutentha kwa m'thupi. Kanali kakhomo kotulukira mafinya.

Pakati pa Okutobala, kutentha kuli pachimake, kakhomo kaja kanatsekeka ndipo ululu unabwera wamtundu wina. Dzino linkamveka ngati latalika kuposa anzake. Kungolumanitsa mano, misozi mbwee. Tsaya linatupa pang'ono. Ndinadziwa kuti tsopano lizulidwe basi, koma ndikakumbukira benchi ija ndi mawu anga aja, mapazi ankalemera. Paja mbewa ya manyazi inafera ku una. Mnzanga yemwe uja wa asipulini ndiye anandiuza za bambo wina amene amabwera tsiku la msika pamalo ena m'mbali mwa msewu wa M5. "Sachedwa amene uja, mphindi zisanu wamaliza. Akuti anagwirapo ntchito kuchipatala."

Linali Loweruka. Malo ake anali kuseri kwa okala, atatchinga ndi chitenje ndi pepala lakuda la pulasitiki. Panali mpando, katebulo, ndi beseni la madzi ofiirira pang'ono mmene munali mapulayasi atatu ndi kachitsulo kangati sikuludiraiva. Anavala gawuni yoyera ndi magolovesi, ndipo zimenezo zinandikhazika mtima pansi. Patsogolo panga panali anthu awiri. Ndinaona ndi maso angawa akumaliza kuzula mnyamata wina, kuponya pulayasi m'beseni muja, kulandira ndalama, kubweza chenji, kuyankha foni, zonsezo ndi magolovesi omwewo. Itafika nthawi yanga anavuula pulayasi ina m'madzi omwe aja, anaipukuta ndi kathawulo, n'kuithira sipiliti. Jakisoni anamutulutsa m'thumba la gawuni, wopanda pepala lake. Mtima unandiuza kuti dzuka uzipita. Koma ndinali nditalipira kale K4,000, ndipo kumbuyo kwanga kunali anthu akuyang'ana.

Sanafunse ngati ndili ndi BP, shuga kapena pathupi. Jakisoni sanagwire bwino, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti pamalo pamene pali mafinya mankhwala a dzanzi amavutadi kugwira. Mnyamata womuthandiza anandipana mutu, iye n'kumakoka uku akupotokola. Ndinamva kuti thyo! m'mutu monse. Anandionetsa kachidutswa kakuda pachikhatho: "Latuluka, mayi. Tizidutswa totsalato tituluka tokha." Anandipatsa thonje ndi makapisozi 6 okulunga m'pepala la nyuzi, n'kuitana wotsatira.

Lamulungu tsaya linakula, ine n'kumati aliyense akazula amatero. Lolemba chotupa chinatsikira pansi pa nsagwada, cholimba ngati thabwa, chotentha. Ndinayamba kunjenjemera masana dzuwa likuswa mtengo. Makapisozi atatha ndinatuma mwana kukagula ena pa okala, amokisilini wa K1,000. Lachiwiri supuni inakana kulowa m'kamwa. Phala ndinkachita kumwera m'kapu. Apongozi anati wotupa sapita kuchipatala, amakubweza kuti uyambe waphwa, ndiye tidikire. Ena anayamba kunong'ona kuti mwina n'za anthu, poti geni inkandiyendera chaka chimenecho.

Lachitatu usiku chotupa chinawolokera kumanja, khosi ndi chibwano zinangokhala chinthu chimodzi. Lilime linakwera m'mwamba ngati pansi pake aikapo mwala. Malovu ndinkalephera kumeza, ankangotsikira pa nsalu. Ndikagona chagada mpweya unkabanika, ndiye ndinachezera chokhala nditatsamira khoma. Mwana wanga wamkulu, mtsikana wa Fomu 3, ndi amene anadula nkhani. "Ababa, amayi akulankhula ngati avumata nsima yotentha. Inu ngati mukudikira kuche, ine ndikukadzutsa amalume." Achimwene anafika ndi njinga yamoto cha m'ma 3 koloko. Anandikhazika pakati, abambo kumbuyo atandigwira m'chiuno.

Chipatala chake chinali chomwe chija ndinanyoza mu Ogasiti. Ulendo uno panalibe za mzere. Adokotala a usiku atangondiona pakhomo anasiya zimene ankalemba. "Tsegulani pakamwa, mayi." Pakati pa mano panalowa chala chimodzi chokha, chonsecho munthu wabwinobwino zimalowa zitatu. Thupi linali litatentha kufika 39. Anandiika diripi, kundibaya mankhwala a m'mitsempha, n'kutembenukira kwa amuna anga: "Bambo, izi si zogonera kuno. Njira ya mpweya ikutsekeka. Apite ku Central lero lomwe." Mwayi wake ambulansi inali ikunyamuka kale m'mawa umenewo ndi wodwala wina. Achemwali anga anathamangira ndi beseni, mapoto ndi zitenje kuti akakhale gadiyani. Msewu wa M14, makilomita pafupifupi 100 amene ndimayenda mwezi ndi mwezi nditakhala pa matumba, ndinauyenda nditaweramira kutsogolo, ndikuwerenga mpweya uliwonse. Pokwera mapiri a ku Mvera ndinapempha cholembera ndi manja, n'kulemba pachikuto cha buku la kuchipatala mayina a anthu amene anali ndi ngongole zanga, kuti ana asadzavutike.

Ndikanadziwa, tsiku lothamanga linali Lolemba lija. Dzino likatupitsa pansi pa nsagwada kapena chakudiso, pakamwa pakayamba kukana kutseguka, kumeza kukavuta, mawu akasintha, thupi likatentha, si zodikira kuti kuche kapena malonda athe. Ndipo zoti wotupa amamubweza musazimvere. Pa benchi paja otupa ndi amene anayamba kupatulidwa; ndinaona ndekha koma sindinatolepo kanthu.

Ku Kamuzu Central Hospital anandijambula ekisileyi ya nsagwada. Adokotala a mano anaonetsa achemwali chithunzicho: mizu iwiri ya dzino lija inali mommo yonse, ndipo kunsonga kwake kunali kamthunzi kakuda pamene mafinya anadya fupa. Bambo wa kumsika uja anangobudula mutu. Madzulo omwewo ndinalowa ku fiyeta. Ndinatsitsimuka ndili ndi bandeji kuzungulira mutu ndi timapaipi tiwiri ta labala pansi pa chibwano totulutsira mafinya. Mizu ija anali atachotsa. Ine wogulitsa nsomba ndimati palibe fungo limene lingandidabwitse, koma limenelo ndinkachita nalo manyazi kwa odwala anzanga.

M'buku langa analembamo dzina lachizungu, Ludwig's angina. Mwana wanga anafufuza pa foni n'kundiwerengera kuti dzinalo linachokera kwa dokotala wa ku Germany amene analongosola matendawa mu 1836, ndipo kale, mankhwala opha tizilombo asanabwere, ambiri ankafa nawo chifukwa chobanika. Adokotala anandifotokozera chifukwa chake mano otafunira akumunsi ndi oopsa chonchi. Mizu yake imatsika kupitirira mnofu umene umagwira pansi pa lilime, ndiye mafinya akaboola fupa sapita kunja, amalowa pansi pa lilime ndi m'khosi. Ndinkafuna mlandu wonse ugwere bambo uja, koma iwo anakana kundikondera. Anati matenda anali mmenemo kuyambira pamene dzino linasiya kuwawa. Iye anangowavundula, kusiya mizu, n'kundidyera masiku asanu. Makapisozi aja nawo anati sakanatha kanthu. Mafinya otsekeredwa amafuna atulutsidwe ndipo gwero lake lichotsedwe, ndipo kumwa maantibayotiki awiri lero atatu mawa n'kungophunzitsa tizilombo kulimba.

Tsiku lachitatu, nditayamba kulankhula zomveka, anesi ena achikulire anakhala m'mphepete mwa bedi n'kundifunsa mmene anandizulira. Ndinafotokoza zonse, beseni, kathawulo, mpaka jakisoni wa m'thumba. Anapukusa mutu. "Achemwali, mukanabwera Lamulungu kapena Lolemba tikanakupatsani PEP." Aka kanali koyamba kumva kuti mankhwala amenewo si a anthu ogwiriridwa okha. Munthu akakhudzana ndi magazi a wina kudzera pa singano kapena chitsulo, pali mankhwala oteteza ku HIV amene amamwa masiku 28, koma ayenera kuyamba pasanathe maola 72. Ine ndinafika patatha masiku asanu. Anandilimbitsa mtima kuti HIV sikhalitsa kunja kwa thupi, ndipo kutengera njira imeneyi sikuchitika kawirikawiri. Chimene chinkawadetsa nkhawa kwambiri ndi matenda a chiwindi, hepatitis B, amene ine ndinkangowamva dzina pa wailesi. Kachilombo kake kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma pa chitsulo kwa sabata yathunthu, ndipo kamapatsirana mosavuta kuposa HIV. Ana athu amalandira katemera wake ku sikelo kuyambira 2002, koma ife obadwa m'ma 1980 sitinabayidwe. Anandiyeza zonse ziwiri pamodzi ndi shuga, zonse zinatuluka bwino, koma anati zotsatira za tsiku limenelo zikungonena za moyo wanga wakale. Za Loweruka lija zidzayankhidwa pakatha miyezi itatu, kenako isanu ndi umodzi.

Kuwauza abambo kuti miyezi yonseyo tizigwiritsa ntchito makondomu chifukwa cha dzino inali ntchito ina payokha. Anangokhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pansi. Ndinachita kuwapempha anesi aja kuti awafotokozere okha, poopa kuti nkhani ingakafike kwa ankhoswe itavala zovala zina.

Nditatsala pang'ono kutuluka ndinkapita mbali ya mano kukatsukidwa bala. Kumeneko kunali mtsikana wina wophunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences, waulemu, wokonda kufotokoza. Ndinaona kuti asanandigwire ankasamba m'manja, kuvala magolovesi atsopano, n'kung'amba kathumba ka pepala ndi pulasitiki ine ndikuona, zitsulo zili m'kati. Ndinamufunsa kuti kathumbako n'kachiyani. Anati chitsulo chilichonse chikachoka m'kamwa mwa munthu chimayamba chakwechedwa ndi burashi kuchotsa magazi, kenako chimatsekeredwa m'kathumba n'kulowa m'makina otchedwa autoclave, ali ngati mphika wotseka kwambiri wophika ndi nthunzi yopanikizika. Madzi a pamoto amawira pa madigiri 100 n'kulekera pomwepo, pamene makinawo amafika 121 kwa mphindi zosachepera 15, kapena 134 kwa mphindi zochepa, ndipo m'pamene tizilombo touma mutu timafa. Anandionetsa kamzere pa kathumbako kamene kamasintha mtundu kakadutsa m'makina. Sipiliti, anatero, ndi wopukutira khungu ndi tebulo, osati woyeretsera chitsulo chimene chalowa m'magazi a munthu. Singano ndiye ndi ya munthu mmodzi, ikatero ya m'bokosi la zobaya, ndipo magolovesi amene agwira ndalama kapena foni ntchito yawo yatha.

Ali m'kati molankhula ndinamva mawu anga a mu Ogasiti aja akubwerera: osangotsuka bwanji? Mayi wa yunifolomu uja akanandimvera, akanachita ndendende zimene anachita bambo wa kuseri kwa okala. Ndinamuuza mtsikanayo nkhaniyi. Anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti ndisadandaule, mawu amenewo amawamva sabata iliyonse.

Sindikunena kuti mizere ija ndi yabwino, ayi. Imapweteka, makamaka kwa ife amene tsiku limodzi losagulitsa ndi ndiwo za sabata. Anthu a mano m'dziko muno ndi ochepa, ndipo m'maboma ambiri ntchito yonse ili m'manja mwa ma dental therapist owerengeka, anthu ophunzira kuzula ndi kumata mano koma osafika pa udokotala. Madokotala a mano ankachita kukaphunzira kunja mpaka mu 2019, pamene College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, inatsegula maphunzirowa mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Mpata umenewu ndi umene a matebulo a kumsika amadyerapo. Koma wovomerezeka aliyense, wa boma kapena wa pulayiveti, amakhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo kufunsa kuti muone chiphaso chake si mwano. Gawuni yoyera amagulitsa pa kaunjika.

Ndinagona m'chipatala masiku 9. Chithandizo cha boma sindinalipire, koma matenda ali ndi njira zawo zodyera ndalama. Achemwali ankafunika kudya, makala, mayunitsi. Abambo anabwera kawiri pa minibasi. Mankhwala ochukuchira m'kamwa tinagula ku famase. Pobwerera tinakwera awiri. Usipa umene ndinasiya pa thandala wina unapita ndi akhwangwala, wotsala ana anagulitsa motchipa kwa mavenda a pompo. Mpamba wanga wa K250,000 unatsala K60,000. Ndili chigonere kunyumba, sabata yotsatira mu Novembala, wailesi inalengeza kuti kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Pamene ndinkabwerera kunyanja mu Januwale, ndowa ya usipa ndi thiransipoti zinali zitakwera moti ndalama yotsalayo inali ngati yogulira ndiwo. Ndinakongola K150,000 ku banki m'khonde, ndipo ndinamaliza kubweza mu Juni. Mu Ogasiti muja ndinkakana kutaya tsiku limodzi la malonda. Ndinataya miyezi iwiri ndi theka.

Pakamwa sipanatseguke pokha. Anandipatsa timatabwa tija amapanira lilime poyeza kukhosi, kuti ndizitisanjikiza pakati pa mano, n'kumawonjezera kamodzi pakapita masiku angapo. Ndinayamba ndi 4, ana n'kumawerenga ngati mpikisano. Nsima yeniyeni ya chambo ndinaidya pa Khirisimasi.

Kudikira magazi ndiye kunandiwondetsa kuposa bala. M'mawa uliwonse ndinkakoka chikope pa kalilole kuona ngati maso achita chikasu. Mutu ukangopweteka pang'ono, mtima unkathamangira ku beseni lija. Kumapeto kwa Januwale ndinakayezetsa, zinatuluka bwino. Mu Epulo chimodzimodzi. Ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo panja pa chipatala, kulira ngati mwana, anthu n'kumayesa ndalandira uthenga wa maliro.

Tsiku lomwelo la mu Epulo ndinali nditafika 6 koloko, wachitatu pa benchi ya mano, nditatenga ana onse. Ine anandipeza ndi chibowo china chakumwamba kumanja, chosawawa, chimene sindinkachidziwa n'komwe. Zomatira zinalipo tsiku limenelo, ndipo theka la ola linakwana. Mwana wanga wamng'ono wa zaka 7 anamupeza ndi kadontho kakuda pa dzino lakumapeto. Ine ndinati lisiyeni, ndi la mkaka liguluka lokha. Anandiuza kuti limenelo si la mkaka. Mano otafunira oyamba a ukulu amamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa a mkaka, popanda lina kuguluka, ndiye makolo ambiri timawalekerera. Analimata. Anatiphunzitsanso zimene ndinkayesa ndimadziwa kale: kutsuka kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, imene imalimbitsa mano, makamaka pokagona, kulavula thovu koma osachukucha ndi madzi pambuyo pake. Tiyi wanga tsopano ndi wa sipuni imodzi, ndipo pa lole ndimanyamula mtedza.

Mnzanga wa asipulini uja naye lake linamugwira chaka chatha. Ndinachita kumukoka dzanja mpaka pa benchi. Anamuzula bwinobwino, mizu yonse anamuonetsa pa mbale, n'kumuuza kuti alume thonje kwa theka la ola, asachukuche kapena kulavulalavula tsiku limenelo kuti magazi oundana pabala asachoke, ndipo kuyambira mawa lake azichukucha pang'ono ndi madzi ofunda a mchere. Patatha masiku atatu anali kunyanja akukangana ndi asodzi.

Mwezi watha ndinadutsa pa msika uja pochokera ku maliro. Kuseri kwa okala kuja tsopano kuli mnyamata wokazinga chipisi. Ndinafunsa mwini okala za bambo aja. Anati anasamuka anthu atayamba kudandaula, ndipo masiku ano amaimika tebulo lawo pa msika wina njira ya ku Nkhotakota, Lachitatu lililonse. Anandiyang'ana pachibwano, n'kufunsa ngati ndikufuna nambala yawo.